Mabatire ndi Makiyi M'thumba la Mkamwini

Bambo okonza mawailesi kumapeto kwa msewu sawakhulupirira mabatire otchaja. Akamatchaja batire, amalikhudza ndi kuseri kwa dzanja ngati mwana wodwala malungo, ndipo likatentha amazimitsa. Lotupa amaligwira ndi nsanza. "Kanthu kachete ndiko kamaluma," amatero.

Tsiku lina mkamwini wawo anadzatenga mabatire ake atadzaza, n'kukhala pabenchi kuti acheze. Posakhalitsa bambowa anaona mnyamatayo akutuluka thukuta, akusisita ntchafu mobisa, koma akuchita manyazi kudzambatuka pamaso pa apongozi.

"Mabatire aja mwaika kuti?"

"M'thumba, bambo, pamodzi ndi makiyi."

"Makiyiwo alumikiza mitu ya mabatire, n'chifukwa chake akutentha! Khuthulani msanga. Ulemu wanuwo ndauona, koma mwana wanga anakwatiwa ndi munthu, osati nyama yowotcha."