Malume ndi Anthu a M'khutu

M'mawa uliwonse, asanasese tsitsi la dzulo m'shopu mwawo, malume anga amapukuta foni ndi kansalu ka galasi, n'kuika timahedifoni m'makutu, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, akuluakulu?" Akuluakuluwo ndi anthu a pa mapodikasiti, mapulogalamu a mawu okhaokha amene munthu amamvera pa foni nthawi imene wafuna. Malume sanawaonepo, koma amadziwa amene ali ndi chimfine ndi amene wayambana ndi mkazi wake.

Ntchito yawo ndi yometa. Kale anthu ankabwera tsitsi lisanakule n'komwe, kutsata pakamwa pawo. Za mpira, za maliro, za chibwenzi cha eni nyumba, zonse zinkapsera pampando umenewo.

Zinasintha mwana wawo wamkulu atawatumizira foni yatsopano n'kuwaonetsa batani lolembetsera. "Mukadina apa, gawo latsopano likatuluka lizibwera lokha," anawauza. Malume anaona ngati alowa m'bungwe, ndipo wa m'bungwe sajomba. Wolankhula akati, "Musaiwale kulembetsa," iwo ankayankha kuti, "Sindingaiwale, bwana," n'kudina. Analembetsa ya mpira, ya ulimi wa nkhumba ngakhale alibe ndi khola lomwe, mpaka ya amayi oyembekezera. Akaweruka ankakaima kuseri kwa ofesi ina kumene intaneti ya waifai imadumpha mpanda, kutsitsa magawo. Atawachulukira, anapeza pothamangitsira mawu, moti anthu aja ankalankhula ngati akuthawa mvula.

"Bwanji osangochotsako ena?" anafunsa anti, akazi awo.

"Munthu akulankhula, iwe n'kumutsekera chitseko? Unaleredwa kuti?"

"Nanga ine ndikamalankhula mumanditsekera bwanji?"

Malume sanamve. Anali pa nkhumba.

Makasitomala anayamba kuwolokera kwa wometa wa tsidya la msewu. Amene sanasunthe ndi aDazi, mnzawo wa paubwana, amene mutu wawo ulibe choti n'kumeta. Ankabwera Loweruka lililonse, malume n'kumayendetsa mashini pamutupo mwaulemu, iwo akukamba zawo.

Loweruka lina ndinapita kushopuko kukasiya matawulo ochapa. ADazi anakhala pampando osaseka monga mwa masiku onse. Anayang'ana pagalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, alamu anu awagoneka kuchipatala. Madokotala akungopukusa mitu."

Nthawi yomweyo wina m'khutu mwa malume ananena nthabwala. Malume anafa nacho chiseko, dzanja pamimba, mashini akulira m'malere. Foni inali pashelefu, ndipo ndinaona mutu wa gawolo: "Mmene mungakhalire bwenzi lomvetsera."

ADazi anamasula nsalu ya pakhosi, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pampando. "Pitirizani ndi abale anuwo," anatero, n'kutuluka.

"Watani ameneyu?" malume anandifunsa, akuzula kahedifoni kamodzi. Ndinawauza. Anagwera pampando wa makasitomala, kukamwa yasa, kahedifoni kaja kakulendewera pachifuwa, kakulira ngati udzudzu.

Kunyumba anti sanawanyengerere. "Pa ukwati wathu anakuimirani ndani? Bambo anu atamwalira ananyamula bokosi ndani? Wa nkhumba uja?"

"Ndikawaona ndithu. Kungoti mawa kukutuluka magawo ambiri."

"Ndiye adzakuikani ndi magawowo. Mnzanu watsala mmodzi, bambo. Akawoloka msewu ameneyo, muzimeta foni."

M'mawa mwake malume sanatsegule shopu. Anavala jekete, anatsekera foni m'kabati ya mbale, anafika pageti, anabwerera kuti akaisuzumire, koma anapeza anti ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Anti anandituma kuti ndiwaperekeze, kuopa angakhotere kwina.

Tinawapeza aDazi pabenchi, panja pa wodi ya amayi, atagwira kachikwama ka zovala za odwala. Malume anaima patsogolo pawo, manja akusowa pokhala. ADazi anawayang'ana khutu ili, n'kuyang'ananso linalo.

"Mwabwera nokha, kapena ndi gulu lanu lija?"

"Ndekha, achimwene."

ADazi anasendeza kachikwama kaja. "Ndiye khalani bwinobwino. Nkhani yake ndi yaitali, ndipo ine ndimalankhula mochedwa."

Malume anamasula batani la jekete, n'kukhala.