Mdadada wa ku Malomo

Amuna anga, bambo a Tiyanjane, anamwalira atasiya puloti ku Malomo ndi uvuni wa njerwa wosawotcha. Ankafuna kumanga mdadada wa zipinda za lendi kuti tisamangodalira fodya. Mvula yoyamba itagwa ndinapita kukaona uvuni uja, ndinapeza mbali imodzi yayamba kusungunuka. Tsiku lomwelo ndinaganiza zopita ku Joni. Mwana ndinakamusiya kwa mayi anga ku Dzoole.

Ndisananyamuke ndinapempha akuchimuna kuti andisudzule, monga amachitira ndi mkazi wamasiye, kuti ndiziyenda ndili mfulu. Alamu anga a Yosefe, akulu awo a malemu, anakana. "Mlamu, mukuthamangira kuti? Inu ndinu wathu. Pitani mukagwire ntchito, zomangazi tisiyireni ife."

Ku Joni ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba ya banja lina. Ndinkagona m'kachipinda kakuseri, pamodzi ndi makina ochapira. Chilankhulo chawo chinkandivuta, moti masiku ena amene ndinkacheza naye ndi galu wawo basi. Lamulungu ndinkaimba nyimbo za kumpingo ndekhandekha uku ndikusita. Mwezi ukatha ndinkatumiza pafupifupi zonse, ine n'kutsala ndi ya buledi ndi sopo.

A Yosefe ankanditumizira zithunzi pa foni. Maziko, kenako zipupa, kenako malata akuwala. Sindiwanamizira, nyumba anamangadi. Koma ndikangofunsa za lendi, foni inkaduka. "Netiweki, mlamu, mukuwadziwa mapiri a kuno." Ndikafunsa zosudzula ankati tidikire abale asonkhane. Zaka zinapita abalewo osasonkhana.

Ndinabwerera mawondo atayamba kutupa. Inali nthawi ya dzinja, ndipo sindinauze munthu kuti ndikubwera. Nditatsika minibasi ndinakwera kabaza mpaka papuloti. Chimene chinandilonjera ndi fungo. Chimbudzi chinali chimodzi cha mabanja onse, chodzaza, mbali ina itagumuka. Ana ankangodzithandiza kuseri kwa nyumba, mvula n'kumakokolera zonsezo pabwalo pomwe amayi ankaphikira. Chipinda chakumapeto, chimene ndinanena kuti chidzakhala changa ndi Tiyanjane, munali nkhumba za alamu. Pasimenti imene ndinaitupira mawondo ku Joni.

Mayi wina amene ankasoka pakhonde anandiona ndi chikwama.

"Mukufuna chipinda? Musayerekeze, amayi. Eni ake ndi mzimayi wina wouma mtima, ali ku Joni. A Yosefe akangomuuza za chimbudzi, iye amati kwezani lendi. Akuti ngakhale maliro a mwamuna wake sanalire."

Ndinakhala pansi pamasitepe. "Mzimayiyo ndine," ndinatero. Makina ake osokera anaima. Mayi uja anagwira pakamwa, kenako anandibweretsera madzi akumwa, koma sindinathe kumwa chifukwa cha ntchentche.

Kumudzi kwa akuchimuna anandilandira ngati mlendo wolemekezeka. Anandiphera nkhuku, n'kundipatsa nthutumba. Mawa lake abale aja amene ankalephera kusonkhana anasonkhana onse, kusanatenthe n'komwe. Pamphasa panali chitenje chatsopano ndi ndowa, zoti andipatse potsanzikana.

"Mlamu," anatero a Yosefe, "mwavutika kokwanira. Tagwirizana kuti tikusudzuleni, mukapume kwanu. Mwinanso mungapeze banja, simunakalambe."

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinamva. M'maganizo mwawo, akandisudzula ndiye kuti ndinyamula mapoto anga kupita ku Dzoole, ndipo zonse zili papuloti ya m'bale wawo zitsala m'manja mwawo. Pamene ankafuna malata ndinali wawo. Malata atakwera, ndakhala woti ndikapume.

"Alamu," ndinayankha, "munati ndine wanu. Ndikadali wanu. Sindikuthamangira kulikonse."

"Koma mwambo, mlamu..."

"Mwambowo wadikira nthawi yonseyi, udikirabe. Nkhumba zanu mukatenge lero, apo ayi muzipeza pamsika zikuyendayenda."

Chitenje ndinachisiya pomwepo.

Chipinda chija ndinachikwecha ndekha ndi phulusa ndi sopo, monga ndinkachitira m'nyumba za eni. Ndinaitana amuna awiri kudzakumba zimbudzi zatsopano, ndipo lendi ya mwezi umenewo ndinati isaperekedwe. Tsopano aliyense amapereka m'manja mwanga, ndipo denga likadontha amagogoda pakhomo panga. Mayi wosoka uja, amake Chisomo, ndi amene amandikumbutsa za munthu amene wadwala kapena amene malipiro ake achedwa. Tiyanjane ndinakamutenga, akuphunzira konkuno.

A Yosefe amadutsa pa njinga tsiku la msika, amakweza dzanja n'kunena kuti "Mlamu!" Ine ndimayankha bwinobwino. Mvula ikagwa, fungo la nkhumba limatulukabe m'simenti. Limandinyansa, koma ndinalizolowera. Chimene chimandibweretsera mseru mpaka lero ndi nkhuku ija, chifukwa ndinaidya yonse, ndikuthokoza.