Ndinayimirira Ndekha M'galimoto

Bambo anga sakuonanso, ndipo amene ndinawazimitsira diso lotsalalo ndine. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikati ndizungulire, ndimapezeka ndikudziikira kumbuyo. Mtima sukhazikika, abale. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka ndimasowa kolowera.

Ndinakulira pafamu pamene bambo ankagwira ntchito ya fodya. Mwana wa mwini famuyo ankapikisana pa njinga zamoto zam'fumbi ndi m'matope, zimene amati motokolosi. Ndinayamba ndi kumutsukira njinga, kenako anandilola kukwera, mapeto ake nanenso ndinalowa m'mipikisano. Lamulo loyamba limene anandiphunzitsa ndi ili: ukaona dzenje kapena chitunda mochedwa, usagwire buleki, ugudubuzika. Patsa moto, nyamuka pampando, udumphe. Ndinazichita mpaka thupi linazolowera kuchita lokha mutu usanaganize.

Titasamukira ku tauni ya Chitungwiza, pafupi ndi Harare, ndinasiya njinga n'kugula kagalimoto kakale. Eee, matama ake! Ndinkauza anzanga a m'dera lathu la Zengeza 1 kuti munthu wodutsa pa motokolosi galimoto ndi choseweretsa. Zina zinali zoona ndithu. Maso anga ankaona msewu patali, mvula ikagwa matope sankandiopsa, galimoto ikaterereka ndinkaibweza bwinobwino. Oyendetsa makombi, maminibasi a kuno, ndinkawaseka kuti ndi amantha. Mkazi wanga ankadandaula kuti akakwera nane amatsika chiuno chikuwawa, ine n'kumati akungodzikonda.

Diso lakumanzere la bambo linafa kalekale ndi mankhwala opopera fodya. Lakumanja linachita ng'ala, ndiye anawachita opaleshoni ku Harare. Tsiku lowatulutsa, dokotala anatiuza momveka: asawerame, asanyamule kanthu, mutu usagwedezeke, diso lisagundidwe. Ndinavomera ndi mutu ngati munthu wanzeru. Bambo anakhala kumbuyo, bandeji pankhope, ali ndi achemwali anga aakulu. Lamba sanamange poti ankati akuwafinya pachifuwa. Njira yonse ankangoseka, kuwerengera zidzukulu zimene akufuna kuziona nkhope bandejiyo ikachoka.

Ndinayenda bwino mpaka tinalowa m'dera la Unit C, kumene bambo amakhala. Apo phazi linayamba kuyabwa. Msewu ndinkaudziwa, dzuwa lili pamutu, kutsogolo kulibe galimoto. Achemwali anandichenjeza m'Chishona monga amachitira masiku onse, "Zvishoma, hanzvadzi," kutanthauza kuti pang'onopang'ono, mchimwene. Ndinayankha kuti, "Khalani phee, achemwali, misewu yoipa kuposa uno ndinaidutsa."

Sindinadziwe kuti m'mawa womwewo anthu anakumba ngalande yodutsa msewu pokonza paipi ya madzi, dothi n'kuliunjika m'mbali mwake. Ndinaiona ndili pafupi. Mpata woti ndiponde buleki unalipo, inu owerenga, ndikulumbira unalipo. Koma phazi linaponda moto. Ndipo ine, munthu wamkulu ndevu pepeya, ndinakoka chiwongolero n'kunyamuka pampando ngati ndili pa njinga.

Ndinanyamuka ndekha. Bambo akanadziwa bwanji kuti pakufunika kunyamuka, maso ali omanga? Galimoto inakwera dothi lija n'kutera ndi phokoso. Mutu wawo unagunda denga, kenako nkhope inamenya kumbuyo kwa mpando wanga. Achemwali anakuwa, "Wauraya baba!" kuti ndapha bambo. Nditacheuka ndinaona bandeji ikufiira. Bambo sanakuwe. Anangogwira pankhope n'kufunsa kuti, "Tagunda munthu kodi?"

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi: tisanatere, kamphindi kakang'ono, mtima wanga unakondwa kuti ndadumpha bwino.

Tinabwerera kuchipatala nthawi yomweyo. Madokotala anayesa kawiri konse, koma diso linali litawonongeka mkati. Achibale akafunsa, bambo amati msewu ndi umene unali woipa. Akanandilalatira kapena kundithamangitsa bwenzi ndikupezako bwino. Achemwali okha ndi amene amanena zoona, ndipo mpaka pano akandiona amalowa m'nyumba.

Ndiye mukandifunsa ngati mpikisano wa njinga umapangitsa munthu kukhala dalaivala wabwino, ndikuyankhani kuti umanola maso ndi manja, koma umakuphunzitsa kudzipulumutsa wekha. Pa njinga ija palibe wina kumbuyo. Kulibe nkhalamba, kulibe mayi woyembekezera, kulibe woyenda pansi. Zimene thupi linaloweza kumeneko sizikupempha chilolezo, zimangotulukira pa nthawi yoipitsitsa. Anyamata amene mumakonda fumbi lija, pikisanani, sindikukuletsani. Koma musanayambe kunyamula anthu, bwererani mukaphunzire galimoto ngati simunagwirepo chiwongolero, mpaka phazi lizolowere kuthamangira buleki. Wokwera nanu akati chepetsani, chepetsani osayankha.

Galimoto ndinaiimika, matayala anaphwera pompo. Masiku ano m'mawa uliwonse ndimayenda wapansi kuchoka ku Zengeza 1 kukawatenga bambo kuti awongole miyendo. Amagwira phewa langa, ine n'kumawauza chilichonse chili kutsogolo: mwala, chithaphwi, njerwa. Dzulo tinafika pamalo paja. Ngalande ija anaikwirira kale, pangotsala kachitunda. Ndinaima.

"Waimiranji, mwanawe?" anafunsa.

"Pali chitunda, bambo."

"Chabwino, wandiuza," anatero. "Tiye pang'onopang'ono."