Fungo la M'chipewa cha Amalume

Ndinali ndi zaka khumi pamene galimoto la asilikali linafika kwathu ku Mitundu ndi bokosi la amalume anga, a Lemani, lokutidwa ndi mbendera. Anaphedwa kudziko lakutali komwe anapita kukasungitsa mtendere. Anthu ankalira, koma ine maso anga anali pa chipewa chawo chausilikali chimene chinali pamwamba pa bokosilo.

Chipewacho ndinkachiwerengera kale. Kwathu kuno wolowa m'malo mwa malume ndi mwana wa mlongo wake, ndipo eni akewo akabwera patchuthi ankandiveka n'kumati, "Msilikali wanga ndi uyu!" Ndiye taonani, mfuti zitalira kumanda, mkulu wa asilikali anachipereka kwa Yohane, mwana wawo wa ku Nathenje. Yohane! Kamwana koopa ngakhale nkhuku yofungatira! Mtima unandiwawa kuposa malirowo.

Masiku odikira kumeta, anzanga onse ankangomuunjirira ngati ntchentche pa bango la mango lakupsa. Ine nsanje inandidya mpaka chakudya osalowa. Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sankachivala n'komwe, ankangochisunga m'jumbo yomanga kukamwa.

"Amayi, si changa chipewa chija?" ndinafunsa.

"Iwe, mlongo wanga sanafere chipewa," anandiyankha. "Anafera kuti ana a eni ake azigona m'nyumba, osati m'tchire. Choka apa!"

Sizinandilowe. Tsiku lina masana ndinamupeza Yohane kuseri kwa chigafa cha fodya atamasula jumbo ija. Ndinatsomphola chipewacho, kuchivala, n'kuyamba kuguba padzuwa, thukuta lili kamukamu. Ndinkayembekeza ndewu, ndipo ndinkaifuna. Koma mnzangayo anangogwada pafumbi.

"Vula, msuweni, chonde vula! Ukutha fungo la ababa!"

Ndinavula. Iye anachilandira ndi manja awiri, n'kulowetsa mphuno m'kati, kununkhiza, kutembenuza, kununkhizanso. Kenako anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe.

"Chikununkha iwe."

Sanakandinenere kwa aliyense. Bola akanandimenya. Madzulo ake abambo anga anabwera kuchokera kudimba, akununkha thukuta ndi matope monga mwa masiku onse, ndipo ndinakhala nawo pafupi mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Lero ndine bambo wa ana atatu. Lipenga likamalira pa wailesi tsiku lokumbukira asilikali amene anatisiya, ndimaimirira ngakhale ndili ndekha, ndipo ana anga amadziwa kuti si nthawi ya phokoso. Ndimawauza kuti mtendere umene amapita nawo kusukuluwu alipo anaulipira, ndipo kuusewera n'kunyoza manda awo. Ndinkachitira nsanje mwana amene anatsala ndi kansalu, ine ndili ndi bambo wamoyo.

Yohane chipewa chija akadali nacho ku Nathenje, anachikoleka pakhoma. Kuchokera tsiku lija, sanachibwezerenso m'jumbo.