Loya amene boma linatipatsa

Achimwene anga ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Balaka, ndipo ankabwera kumudzi pa njinga kudzationa ine ndi amayi. Tsiku lina m'nyengo yogulitsa thonje, nkhondo yaikulu itangotha kumene, anapeza munthu ali kwala m'mbali mwa njira, atatemedwa ndi chikwanje m'mutu. Anali bambo wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Achimwene anasiya njinga patchire n'kumubereka mpaka kumishoni, koma anafika naye atatsirizika kale. Apolisi ataona mkanjo wamagazi, n'kumvanso kuti awiriwa anakanganapo za malire a munda, sanafunenso zina. Anawamanga tsiku lomwelo.

Munthu woona zimene zinachitika analipo, mayi wina wachikulire amene ankatola nkhuni chapafupi. Anaona amuna awiri achilendo akuthawira kunjanji, achimwene n'kutulukira pambuyo pake. Wapolisi anakana kumumvera. Anati nkhalamba yolankhula Chiyao chokhachokha ingomutayitsa nthawi.

Patapita miyezi mesenjala anabwera ndi uthenga. Mlandu ukazengedwa kukhoti lalikulu kutauni, ndipo popeza unali mlandu wa chingwe, boma lipereka loya waulere. Zoterezi tinali tisanazimvepo. Mphunzitsi wa kumishoni anatifotokozera kuti loya ndi nkhoswe ya munthu pamaso pa jaji. Amayi anathokoza Mulungu. Nkhoswe ife tinkaidziwa: imakhala nawe pansi, n'kumva nkhani yonse, kenako n'kukakuyankhulira ngati mlandu ndi wake.

Ndinanyamuka ndi mayi wankhuni uja, mwana ali kumbuyo. Tinayenda masiku atatu. Mapazi a mayiyo anatupa moti tsiku lomaliza ankayenda atatsamira phewa langa, koma sanadandaule. Ankangobwereza mawu amene akanene.

Loyayo tinamuona m'mawa wa tsiku la mlandu, pakhonde la kuseri kwa khoti pamene anakhazika achimwene ndi unyolo. Anali mzungu wamng'ono msinkhu kwa ine. Anafika ndi womasulira, anayatsa ndudu, n'kuyamba kutsegula mapepala. Zinkaonekeratu kuti akuwawerenga koyamba.

"Bwana, ndabwera ndi mboni," ndinatero.

Womasulira ananena m'Chingerezi, loya anayankha osadzutsa mutu.

"Bwana akuti dzina la mayiwa mulibe m'mapepala."

"Ndiye alilembe. Cholembera ali nacho m'thumbamo."

Mawu amenewo womasulira anawameza. Anatembenukira kwa achimwene.

"Akuti mukakana mlandu, jaji sakhulupirira, ndipo mukanyongedwa. Mukavomera kuti munamutema koma simunafune kumupha, mukhala ndi moyo."

"Koma sindinamuteme," anatero achimwene. "Ndinamubereka."

"Akuti nthawi yatha. Sankhani."

Achimwene anandiyang'ana. Munthu amene ankaweruza nkhani zonse za mbumba yathu anandifunsa motsitsa mawu, "Achemwali, nditani?"

Ndinaganiza za amayi. Ndinati, "Vomerani."

Loya analowa m'khoti ndudu ija isanathe. Ndiyo nthawi yonse imene anacheza ndi munthu amene ankati akumuteteza.

M'katimo zinatha msanga kuposa mlandu wa mbuzi yolowa m'munda. Achimwene anafunsidwa, anayankha mawu amodzi, jaji analemba. Zaka khumi. Mayi wankhuni anali panja pansi pa mtengo wa mango, akudikira kuti aitanidwe. Nditatuluka anaimirira movutikira n'kukonza nsalu yake, akuyesa kuti nthawi yake yakwana.

Kenako loya uja anatuluka akumwetulira, ndipo womasulira anati, "Bwana akuti wapulumutsa mlongo wanu ku chingwe. Muthokoze." Ndinagwada pasimenti paja, ndinawomba m'manja, ndinati zikomo. Ndakalamba tsopano, koma ndimakumbukirabe mawondo angawa pasimenti paja. Ndinathokoza munthu amene sanafunse n'komwe kuti njinga inatsala kuti, kapena chifukwa chimene wakupha angasenzere mtembo mtunda wonsewo kupita nawo kwa anthu. Mwina madzulo ake anauza anzake kuti wachita ntchito yabwino. Boma nalo linalemba kuti munthu wakuda anapatsidwa womuyankhulira, malamulo atsatidwa. Ife tikanakhala opanda loya, bwenzi achimwene atakana ndi pakamwa pawo, ndipo anthu akanamva kukanako.

Achimwene anabwerako kundende ali ndi chifuwa chosatha, amayi atamwalira kale. Kumudzi palibe amene anafuna kumva za amuna awiri othawira kunjanji. "Anavomera yekha pamaso pa jaji," ankatero. Mayi wankhuni anakhala akufotokoza zimene anaona mpaka imfa yake, kuchitsime, pamaliro, paliponse, ndipo anthu ankati ndi ukalamba. Achimwene anabwereka makina n'kukhala pakhonde panga, koma zovala zimene ankasoka zinali za ana anga okha. Kumzikiti ankaima kumapeto kwa mzere, ndipo pambali pawo pankatsala mpata.

Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikayamba kutukwana loya uja, ankangoti, "Zisiyeni, achemwali, mundiyambitsa kutsokomola."

Anamwalira patatha madzinja awiri. Amuna onyamula maliro pa jeneza anaperewera, ndipo mwamuna wanga anachita kuyenda khomo ndi khomo kukapempha anthu.