Wotchi ya Bambo a Tadala

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinabwerako ku intavyu yachinayi ndili chimanjamanja. Satifiketi yanga ya zausekilitale inali itada m'mbali chifukwa choyenda nayo m'maofesi. Tadala, mwana wanga, anali ndi chaka ndi theka. Ndinamuletsa kuyamwa sabata yomweyo, n'kumusiya kwa bambo ake ku Balaka, ine n'kukwera basi ya ku Gaborone. Mabere anandiwawa njira yonse, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadzida.

Ntchito ndinapeza ya m'nyumba ku Kgale View. Ndinkalera mwana wa eni, wanga akuphunzira kuyankhula pa foni. Mwezi ukatha ndinkatumiza pafupifupi zonse. Ine ndine wamantha chibadwire. Tadala akangotsokomola pa foni, tsiku lonse maganizo ankakhala kwa iye, mpaka ndinaswa mbale za abwana ziwiri.

Chaka chachiwiri mng'ono wanga ananditumizira kavidiyo. Tadala ali kumbuyo kwa mkazi wina, pakhonde la nyumba imene malata ake ndinagula ine, akumuitana kuti "amama". Nditafunsa, bambo ake anangoti, "Inu mayi a Tadala, munapita nokha. Mwana pano sachoka." Patangotha masiku atatu analembanso, manyazi alibe: "Pobwera mutigulireko wotchi, zakale zija za azungu. Anzathu obwera ku Joni akuvala."

Ndinakwera kombi kupita ku Tlokweng kwa a Moyo, mkulu wina wa ku Zimbabwe wokonza mawotchi. Anandiyalira ziwiri. Ina inali yothimbirira, galasi lokandikakandika. Inayo inkawala ngati golide.

"Mwanangu, wotchi sitiyang'ana nkhope," anatero akutsegula kumbuyo ndi kampeni.

M'kati mwa yothimbirirayo munali timagudumu tosalala, manambala ogobedwa pachitsulo penipeni, ikugunda mofulumira ngati mtima wa nkhunda.

"Iyi ndiye yeniyeni, ndi yakale kuposa iwe. Siilira batire, umaipukusa ndi chala m'mawa uliwonse."

M'kati mwa yowalayo munali pulasitiki ndi kabatire, dzina lochita kumata.

"Iyi ndi chidole. Thukuta likangoilowa, mkono umabiriwira."

"Ndipatseni yabodzayo," ndinatero.

Anachotsa padiso kagalasi kawo koonera m'mawotchi n'kundiyang'ana. "Wakulakwira ndani, mma?"

Ndinangopempha kuti andigulitsenso kabokosi kakale ka yeniyeni ija. Anakana kawiri, kenako anakakankhira kwa ine akuyang'ana kumbali. Ndiulule pano: pa basi yobwerera ndinapemphera, ine Mkhristu, kuti bodza langa ligwire.

Ku Balaka ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ukwati unatha mosavuta, nkhani inakanirira pa mwana. Bambo ake anamenya pachifuwa kuti magazi awo sapita kukakulira m'makitchini a anthu. Ine ndinaika kabokosi kaja pamkeka n'kutsegula.

"Ndinakutengerani iyi. Ndi ya ku Swizalandi, ya nthawi ya atsamunda. Koma ngati ndikuchoka pano wopanda mwana, ndikagulitsa ku Blantyre."

Wotchi inayenda dzanja ndi dzanja. Achimwene awo anaiika pakhutu, kenako n'kuiyeza pachikhatho ngati akugula nyama. "Kulemeraku, akulu, si za pamsika izi." Amalume anga enieni, amene anabwera kudzandiyankhulira, anandinong'oneza, "Mphwanga, nanga yanga ili kuti?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati titsegule kumbuyo.

Bambo a Tadala anatsokomola akumanga lamba pamkono. "Komabe tikaganiza bwino, mwana wamkazi amafunika mayi ake."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Chisoni sindiwamvera ngakhale pang'ono. Avale, apite nayo kutchalitchi, akweze mkono poimba kuti onse aone, mpaka tsiku limene adzapite nayo kwa wodziwa.

Amene analira ndi mkazi uja yekha. Ananditsatira mpaka pamsewu atanyamula kajumbo ka zovala za Tadala, zochapa bwino ndi zosita. Anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Achemwali, chonde asamadye mtedza. Amatupa maso."

Ine mayi ake sindinkadziwa zimenezo. Pamudzi ponsepo, wosagulitsa mwana wanga anali yekhayo amene ndinabwera ndikumufunira zoipa.