Popumulira Apongozi

Khonde lamatabwa la kuseri kwa nyumba yathu ndinalimangitsa lalitali dala, kuti munthu ukakhala pamwamba uziona kuseri kwa mabango, mpaka pachilumba cha Chisi. Ndimafuna kukondweretsa apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene anabadwira pachilumbapo. Maondo anali atawaletsa kukwera bwato, ndipo ng'ala inali itayamba kuphimba maso awo. Tonse timadziwa kuti ndikachedwa, kwawo sadzakuonanso.

Khondelo anamanga ndi kalipentala wa ku Songani. Masitepe ndinati ndipanga ndekha, mwamuna ine, ndipo anatuluka ngati makwerero a pankhokwe. Apongozi anawapapasa, n'kuuza mkazi wanga ine ndili pomwepo: "Uwauze bambowo kuti ine si buluzi."

Umo ndi mmene timayankhulirana. Ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, sakhala mphasa imodzi. Tikakumana panjira, ine ndimapatukira m'chinangwa.

Ndinaganiza zodula masitepewo pawiri, pakati ndiike popumulira. Mkazi wanga anakana kuti ndikhomere kukhoma, poti njerwa zake tinamangira dothi. "Mukangokhoma msomali umodzi pamenepo, mukagona kudoko la Kachulu," anatero. Choncho popumulirapo panayenera kuima paokha, pamizati inayi.

Ine ntchito yanga ndi yogulitsa matemba, ndipo chimene manja anga amadziwa kumanga ndi thandala loyanikapo nsomba basi. Ndinakumba maenje, n'kupaka mizati ya bulugama oyilo wakuda kuti chiswe chisadye, n'kukhoma mitanda. Levulo yanga, yoonera ngati mitanda yalingana, inali mbale yamadzi. Kutalika kwa sitepe kunandivuta. Ndikanayeza bwanji mwendo wa apongozi? Ndinatuma mkazi wanga ndi chingwe, ine nditayang'ana kumbali ngati wakuba.

Nditamaliza ndinakwerapo monyada, chinthu chija n'kuyamba kuvina. Mnansi wathu, podutsa ndi njinga yake, anaima. "Achimwene, thandala labwino ili! Mukufuna kuyanikapo apongozi?" Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, koma ndinazula zonse.

Ulendo wachiwiri ndinakhoma mitengo yopingasa, chikalimba ndithu. Kenako mvula inagwa, dothi lathu lamakande linafewa, mzati umodzi n'kumira. Mbale yanga inataya madzi onse. Mkazi wanga akandikumbutsa za maso a mayi ake, ine ndimayankha mwanzeru kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Matemba nawo anachuluka, ndinatanganidwa ndi msika. Simenti ndi miyala yoika pansi pa mizati ndinazipeza chimanga chitauma kale.

Tsiku lokwera, mkazi wanga anawagwira dzanja mayi ake mpaka popumulira paja. Sipanagwedezeke ngakhale pang'ono, ndipo ine pansi chifuwa chinali nganganga. Apongozi anakhala, n'kutembenukira kumene kumachokera mphepo. Chisi chinali mbee patsogolo pawo, ngakhale asanafike pakhonde. Koma maso awo anali atayera kale ndi ng'ala. Pamenepo ndinadziwa kuti ndachedwa.

Kenako anayankhula, osadzera kwa mwana wawo.

"Bambo, takwerani kuno."

Ndinayang'ana kumbuyo, kuyesa akuitana wina. Mkazi wanga anatsika kuti ndidutse. Popumulirapo ndinali nditapanga pa munthu mmodzi, moti nditakhala, phewa langa linakhudza lawo. Ndinafuna kusendera, koma kosendera kunalibe.

"Musagwe," anatero, atandigwira malaya. "Tandiuzeni, phiri lakwathu likuoneka?"

"Likuoneka, mayi."

"Nanga utsi? Kuli utsi kumunsi kwake?"

Unalipo, wochepa, chakumanzere. Ndinawauza.

"Kumeneko ndiye kwathu," anatero. "Pitirizani."